Laputopu yafa, mnyamata anapita ndi pasiwedi, ndiye tigule sisitimu?

Funsoli lachokera kwa mayi wina yemwe ndi mlembi wa kopaletivi ya alimi a mpunga cha ku Bua, ku Nkhotakota. Ndalifupikitsa pang'ono. Akuti: "Tili ndi mamembala mazana angapo. Mayina ena ali mmakope a hadikava, ena anali mu laputopu yomwe yangofa mwezi wathawu, ena ali pa WhatsApp ya a wapampando. Mnyamata amene ankatilembera anapeza ntchito ku Lilongwe, imelo ya gulu anapita nayo. Bungwe lomwe limatithandiza likufuna lipoti koma tikawerenga mamembala tikupeza manambala atatu osiyana. Pabwera bambo wina akuti atigulitse sisitimu ya mamiliyoni angapo yoti ithetse zonsezi. Tigule?"

Mayi mlembi, pepani ndi za laputopuyo. Koma musagule kaye ayi. Sikuti ndikuti bamboyo ndi wakuba, mwina sisitimu yake ndi yabwino ndithu, koma manambala atatu aja mukawathira mu sisitimu ya mamiliyoni adzatulukamo ali atatube, kungoti adzakhala osindikizidwa mokongola. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndakhala ndikulowa mmaofesi a timabungwe ting'onoting'ono kuno ku Salima, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Chipoka uko, ndipo makompyuta amene ndinawapeza atafunditsidwa chitenje pakona, ogulidwa ndi ndalama za madona koma palibe akuwakhudza, ndi ambiri ndithu. Chomwe chimasowa nthawi zambiri si makina, ndi kugwirizana kuti zoona zake za gululi zimakhala pati ndipo akuzisunga ndani.

Ndiye komiti ikhale pansi iyankhe funso ili: pakabuka mkangano woti uje ndi membala kapena ayi, kaya anagula masheya angati, timakatsegula chiyani? Yankho likhale chinthu chimodzi basi. Kaya ndi kope limodzi lalikulu, kaya ndi fayilo imodzi ya Excel, bola chikhale chimodzi ndipo aliyense adziwe kuti kaundula wathu ndi ameneyu, zina zonse ndi zokopera. Panopa muli ndi makaundula atatu ndipo lililonse likunena zoona pang'ono, la mu hadikava lili ndi akale amene ena anamwalira ena anasamukira ku Dwangwa kukadula nzimbe, la pa WhatsApp lili ndi atsopano okhaokha. Ntchito yowaphatikiza ndi yotopetsa, palibe kompyuta ingakuchitireni, mufunika kukhala ndi atsogoleri a makalabu mudzi ndi mudzi nkumaitana dzina limodzilimodzi, uyu alipo? uyu ndi yemwe uja? Masabata awiri atatu zimatha.

Apa ndi pomwe muone chifukwa chake manambala amasiyana. Mayina athuwa amavuta kulemba mofanana. Munthu mmodzi yemweyo wina alemba Mariam, wina Mariyamu, wina Maliyamu, chaka chino walembetsa ndi dzina la bambo ake chaka chamawa la amuna ake. Kwa inu ndi munthu mmodzi chifukwa mumamudziwa nkhope, kwa kompyuta ndi anthu anayi. Mbali inanso a Banda ndi a Phiri a mayina ofanana ndendende amapezeka awiri atatu mmudzi umodzi, ngongole ya uyu nkukalembedwa kwa uja. Mankhwala ake ndi nambala. Membala aliyense apatsidwe nambala yake ya gulu, 0001, 0002, choncho, ndipo nambalayo isadzapatsidwenso kwa wina olo mwini wake atamwalira kapena kutuluka. Ilembedwe pa kakhadi kake, pa lisiti lililonse, pa fomu iliyonse. Nambala ya pa chiphaso cha unzika, chija a NRB anayamba kulembetsa dziko lonse mu 2017, muilembe kamodzi mu kaundula kuti ikuthandizeni kugwira olembetsa kawiri, koma isamayende pa mapepala onse ayi, ndifotokoza kutsogoloku chifukwa chake.

Chinanso chomwe anthu amachiderera ndi tanthauzo la mawu. Membala ndi ndani? Amene analipira ya kulowa zaka zisanu zapitazo nkusowa, kapena amene walipira ya chaka chino? Banja la anthu awiri olima munda umodzi ndi membala mmodzi kapena awiri? Ndikukhulupirira kuti manambala atatu aja mbali ina akuchokera pomwepa, aliyense akuwerenga zoona koma akuwerenga zinthu zosiyana. Pa mpunga ndiye zimanyanya. Wina walemba 12, kaya ndi matumba kaya ndowa kaya makilo, kaya ndi wopuntha kapena wosapuntha, kilombero kapena faya, osadziwika. Thumba la makilo 50 ndi thumba losokerera pamwamba lija mavenda amakonda onse amatchedwa thumba. Tengani pepala limodzi mulembe: membala ndi wotere, kulemera timalemba mmakilo a pa sikelo basi, mpunga wosapuntha ndi wopuntha uli ndi mizere yosiyana, deti timayamba chaka kenako mwezi kenako tsiku. Mulimate pakhoma mu ofesi. Mabungwe akuluakulu amalipira akatswiri ndalama zambiri kuti awalembere chinthu chomwechi, amangochipatsa dzina lachizungu.

Muone mmene a zaumoyo amachitira. Alangizi a zaumoyo mmidzimu amalemba mmakaundula a pepala, pakutha pa mwezi amaphatikiza pa fomu, ziwerengerozo nkukalowa mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa ku University of Oslo ku Norway ndipo unduna wa zaumoyo kuno umaigwiritsa ntchito. Chomwe chimapangitsa kuti nambala ya ku Nkhotakota iphatikizike ndi ya ku Nsanje si pulogalamuyo payokha, ndi zoti fomu ndi imodzi dziko lonse ndipo bokosi lililonse lili ndi tanthauzo lake lomwe onse anaphunzitsidwa. Ndipo pepala sanalitaye. Inunso musalitaye, buku la malisiti la kaboni likhalepobe, mlimi azipita ndi lisiti lake mmanja, chifukwa tsiku la mkangano sadzakhulupirira zomwe zili pa sikirini ya munthu wina.

Tsopano za zipangizo. Pa kukula kwa gulu lanuli Excel kapena Google Sheets ikukwanirani, tsamba limodzi la Excel limanyamula mizere yoposa 1 miliyoni, inu simudzaifika. Nkhani ndi kaikidwe kake. Cholakwa chomwe ndimachiona paliponse ndi kuthira zonse pa tsamba limodzi, dzina, mudzi, kenako Januwale, Febuluwale, ngongole ya feteleza, mpunga wa 2023, wa 2024, tsamba nkumangotalika chammbali mpaka palibe akulimvetsa kupatula amene analipanga, yemwe pano ali ku Lilongwe. Pangani masamba atatu. Loyamba la mamembala, munthu mmodzi mzere umodzi, nambala yake, dzina, mudzi, kalabu, foni. Lachiwiri la mpunga wobwera, nthawi iliyonse munthu akabweretsa ndi mzere watsopano, deti, nambala ya membala, mtundu, makilo, nambala ya lisiti. Lachitatu la ndalama, ngongole ndi zobweza, chimodzimodzi. Dzina limalembedwa pa tsamba loyamba pokha, enawo amangonyamula nambala. Mayi akasintha dzina mumakonza malo amodzi zonse nkulongosoka. Zomwe amazitcha database zija maganizo ake ndi omwewa, matebulo olumikizana ndi nambala, ndiye mukazolowera chonchi tsiku lodzasamukira mu sisitimu yeniyeni deta yanu idzalowa osavuta.

Excel ili ndi timisampha take. Mukalemba nambala ya foni yoyamba ndi 0 imadya ziro uja, 0999 nkusanduka 999, nambala za mamembala zija 0001 nkukhala 1, ndiye mzere wotsika umenewo muuike pa Text musanayambe kulemba. Deti ngati 03/04 kompyuta ina imawerenga 3 Epulo ina 4 Malichi malinga ndi mmene inatcheredwa, nchifukwa chake ndati muziyamba ndi chaka, 2024-04-03. Mayina a midzi ndi makalabu musamalembe pamanja nthawi zonse, pali Data Validation yomwe imakupatsani kamndandanda kongosankhapo, apo ayi mudzapeza Nkhotakota, Nkhota-kota, Nkhota Kota ndi KK ngati maboma anayi. Ndipo chonde zomapaka mzere utoto wofiira kutanthauza kuti sanabweze musiye, utoto suwerengeka, lembani mawu kapena nambala mu bokosi lake.

Pakati pa ziwirizi ine ndimakonda Google Sheets pa gulu ngati lanu, chifukwa fayilo imakhala imodzi pa intaneti osati makope khumi mma fulashi, ena olembedwa final ena final2 ena final yeniyeni. Mumasankha kuti uyu azilemba, uyu azingoona, ndipo imasunga mbiri ya zosintha, mutha kuona kuti nambala iyi anaisintha ndani liti nkuibwezera mmene inalili. Akaunti ya Google yaulere imabwera ndi malo a 15 GB, pa zolembalemba ndi ambiri zedi. Kuipa kwake ndi netiweki ndi bandulo, ngati ku ofesi kwanuko netiweki ndi yochita kukwera pachulu ndiye Excel ya pa laputopu ikhale kaundula, nkumaitumiza pa Drive, malo osungira mafayilo a mu akaunti ya Google ija, Lachisanu lililonse.

Zokalemba kumunda kapena pa sikelo nthawi yogula, kuli KoboToolbox. Mumapanga fomu pa kompyuta, alembi a makalabu amaika KoboCollect pa foni ya Android, amadzaza olo kulibe netiweki, akafika poti yagwira nkutumiza, inu nkutsitsa zonse mu Excel. Ili ndi gawo laulere lokhala ndi malire pa mwezi, gulu lanu silingawapyole msanga. Koma iyi ibwere pambuyo, kaundula atakhazikika, isakhale ya sabata yoyamba. WhatsApp yokha ndiye ayi, ndi yoitanira misonkhano. Chithunzi cha lisiti chikatumizidwa pamenepo chimakwiririka ndi mauthenga a maliro ndi mavesi a mmawa, foni ikagwa mmadzi kumunda zapita.

Za imelo ija zandikhudza kwambiri chifukwa ndi nkhani yomwe ndimakumana nayo chaka ndi chaka. Mnyamata wodziwa kompyuta amatsegula akaunti mwa chifundo, amaikapo nambala ya foni yake, gulu lonse nkumadalira iyeyo osadziwa kuti makiyi a nkhokwe ali mthumba la munthu mmodzi. Sikuti anaba, nthawi zambiri palibe anamufunsa. Muimbireni mwaulemu, a wapampando ayankhule naye, akupatseni pasiwedi ndipo mukhale naye pa foni pomwe mukusintha nambala yobwezeretsera akaunti, chifukwa kodi, timanambala tachinsinsi tobwera pa meseji tija, idzapita kwa iyeyo. Kuyambira pano akaunti ikhale ya dzina la gulu, simu yolandirira makodi izikhala mu ofesi, pasiwedi ilembedwe iikidwe mu envelopu yomata isungidwe ndi anthu awiri a mkomiti, ndipo munthu akachoka pa udindo, kaya pa chisankho kaya wapeza ntchito, pasiwedi isinthidwe tsiku lomwelo. Zimenezi zilowe mmalamulo a gulu kuti pasadzakhale woti mukundiganizira zoipa. Chimodzimodzi ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, zisamalowe pa nambala ya msungichuma yomwe amalandiriranso za ana ake, ndipo nambala ya thiranzakishoni yomwe imabwera mu meseji ija izilembedwa pa tsamba la ndalama. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wokhala ndi mphamvu yosintha zolembedwa, wina azilemba wina aziona pakutha pa mwezi ngati za mmalisiti, za mu kompyuta ndi za ku banki zikugwirizana. Zimateteza msungichuma yemweyo ku miseche.

Bakapu, kutanthauza kusunga makope ena a mafayilo anu kuti oyamba akatayika musataye zonse. Lamulo lomwe a ntchito yathu amatsata ndi la 3-2-1, makope atatu, pa zinthu ziwiri zosiyana, limodzi likhale kutali ndi ofesi. Kwa inu ndiye kuti la pa laputopu, la pa hadi diraivi yapadera yosungidwa kunyumba kwa wina wa mkomiti, ndi la pa intaneti. Zoti kutali zija musazitenge mwachibwana, munaona nokha madzi osefukira a ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024 mmene analowera mnyumba za anthu, laputopu ndi fulashi zikakhala mu kabati imodzi zimapita limodzi. Kunyanja kuno adani ndi ambiri, kutentha kwa mu Okutobala, chinyezi cha dzinja, mphenzi, magetsi obwera mwamphamvu akakhala kuti anathima, pa makope a pepala ndiye chiswe ndi makoswe. Fulashi ndimaikayikira, imasowa, imafa osatsanzika, ndipo ikangolowa mu kompyuta ya pa malo osindikizira mapepala imabwerako ndi vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, tizizindikiro tongolozera komwe kuli fayilo koma topanda kanthu mkati. Dziwaninso kuti Drive payokha si bakapu yokwanira, wina akafufuta fayilo imakhala mu bini masiku 30 kenako yapita, ndiye kamodzi pa mwezi tsitsani kopi muiike padera ndi deti lake. Makope a hadikava akale aja ajambuleni tsamba ndi tsamba ndi foni, pa kuwala kwabwino, muwasunge mu foda. Ndipo miyezi itatu iliyonse yesani kutsegula bakapuyo pa kompyuta ina. Ndinapitako ku ofesi ina komwe ankasunga bakapu mokhulupirika sabata ndi sabata, tsiku la tsoka titatsegula tinapeza kuti nthawi yonseyi ankakopera ka shortcut kokha, fayilo yeniyeni inatsala mu kompyuta yakufayo. Mayi wa mu ofesimo analira ngati pamaliro, ine ndemwe ndinasowa chonena.

Musaganize kuti ndi mavuto a ife ang'onoang'ono okha. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera anauza nyumba ya malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi akuba a pa intaneti omwe ankafuna dipo, ndipo kwa masabata angapo mapasipoti sankasindikizidwa. Ngati zinagwera nthambi ya boma, kopaletivi ya ku Bua isadzione yotetezeka.

Pali lamulonso tsopano. Data Protection Act inayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo oyang'anira ndi a MACRA. Mwachidule, zomwe mumasunga za mamembala, mayina, manambala a foni, ziphaso, ngongole zawo, si zanu zoti muzichita nazo mmene mwafunira. Muzitenga zokhazo zofunika pa ntchito yanu, muwauze eni ake chifukwa chomwe mukuzitengera, muzisunge mosamala, ndipo munthu ali ndi ufulu woona zomwe munalemba za iye nkukonzetsa zolakwika. Ndiye zoponya mndandanda wa angongole pa gulu la WhatsApp la anthu mazana kuti achite manyazi, kapena mafotokope a ziphaso kumangokhala mu katoni pansi pa tebulo, zisiyeni. Nchifukwa chake ndinati nambala ya chiphaso ikhale malo amodzi otsekedwa. Akuba a pa foni aja amene amaimba nkumati ndife a ku ofesi mwawina, tumizani kodi, amakhulupirika mosavuta akakhala kuti akudziwa dzina lako, mudzi wako ndi gulu lako, ndipo mndandanda ngati wanuwo ukatayika ndi chakudya chawo. Bungwe lokuthandizani likafuna lipoti, nthawi zambiri limafuna ziwerengero, amayi angati abambo angati makilo angati, musathamangire kutumiza kaundula yense. Wandale akabwera kudzapempha mayina ndi manambala, yankho ndi ayi.

Nanga sisitimu idzafunika liti? Mukadzaona kuti anthu angapo akufunika kulemba nthawi imodzi mmalo osiyana, kapena mwayamba kukongozana ndalama zambiri za chiwongoladzanja chofuna kuwerengera mwezi ndi mwezi, kapena owerengera mabuku akudandaula, pamenepo nkhani ya pulogalamu yowerengera ndalama monga QuickBooks, Sage kapena yopangidwa ndi anyamata athu konkuno ikhoza kukambidwa. Bambo aja muwauze abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo akabwera muwafunse izi. Tikafuna kuchoka, deta yathu yonse tingaitulutse tokha mu Excel popanda kupempha inu? Akayamba kuzungulira pamenepa, nkhani ithere pomwepo, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pasiwedi yaikulu idzakhala ndi ndani, ife kapena inu? Deta ikukhala pa kompyuta iti, ili kuti, bakapu akupanga ndani? Netiweki ikachoka imagwirabe? Kupatula mtengo wogulira, pachaka tizilipira zingati, mu kwacha kapena mu dola? Funso lomalizali si laling'ono, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankalipira mapulogalamu mu dola anangodzuka bilu itakwera osasintha kalikonse. Muwapemphenso akutchulireni gulu lina lomwe lagwiritsa ntchito sisitimuyo kwa zaka ziwiri, mukwere minibasi mukacheze ndi mlembi wakumeneko bamboyo palibe. Ndipo zonse zilembedwe mu mgwirizano, kuphatikizapo zoti iwowo akadzadwala kapena kusamuka muzidzaimbira ndani.

Ndalama zomwe mukanagulira sisitimuzo, kagawo kochepa chabe kagule hadi diraivi, kachipangizo koteteza ku magetsi amphamvu, bandulo ya mwezi ndi mwezi, ndi kuphunzitsa Excel anthu awiri osati mmodzi, mmodzi mwa iwo akhale mayi wokhazikika wa munda wake pompo amene sakuyang'ana ntchito mtauni.

Laputopu yakufayo musaitaye ndipo musaipereke kwa aliyense kuti aiyese. Nthawi zambiri chimafa ndi bodi, batire kapena sikirini, koma hadi disiki momwe mumakhala mafayilo imakhala ili bwinobwino, wokonza amatha kuichotsa nkuiika mu kabokosi ka USB nkukopera zonse pa kompyuta ina. Ngati ikulira kuti tiki tiki mukaiyatsa, izimitseni osayatsanso, kuikakamiza kumaonjeza kuwonongeka. Mukapita nayo kwa wokonza, kaya pa boma pa Nkhotakota kaya kuno ku Salima, mawu oyamba akhale oti sitikufuna ifomatidwe, kutanthauza kufufuta zonse, tikufuna mafayilo, chifukwa ambiri akangoilandira amathamangira kuika Windows yatsopano. Mupite awiri, mukhale pomwepo akukopera, ndipo hadi disikiyo mubwerere nayo mchikwama chanu.